Kodi ndege zikuluzikulu zimateriranji chopingasa kukakhala chimphepo?

Mnyamata wa pa Chatoloma

Akuluakulu ndithandizeni. M'mavidiyo a pa Facebook timaona chindege chikubwera kudzatera mphuno italoza kumbali, mapiko akupendamapendama, kenako pafupi ndi pansi n'kuwongoka mwadzidzidzi. Nthawi zina chimangokhudza pansi n'kunyamukanso. Kodi kumakhala kulephera kwa woyendetsa, kapena ndi mmene anaphunzitsidwira? Nanga chimphepo chamvula ngati chomwe chimasasula madenga kuno ku Kasungu chitapeza ndege ikutera ku Lumbadzi, ingatere?

aPhiri a ku Mtunthama

Mphwanga, amachita dala. Ndege ikakhala m'mwamba imatengedwa ndi mpweya womwe ikuyendamo. Mphepo ikamachokera kumanja, iwe n'kulozetsa mphuno ku msewu woterapo, ukankhidwira kumanzere ndipo msewuwo uuphonya. Ndiye woyendetsa amapotolera mphuno komwe kukuchokera mphepo, monga amachitira wopalasa bwato pa Bua madzi akasefukira: bwato amaliloza kumtunda kuti akafike padooko lomwe lili patsidya molunjika. Oyendetsa ndege njira imeneyi amaitchula kuti crab.

Kupotokako sikukhala kwakukulu monga kamera imaonetsera. Ndege yotsika pa liwiro la ma knot 140, omwe ndi pafupifupi makilomita 260 pa ola, mphepo ya m'mbali ya ma knot 30 imaipotola madigiri 12 okha.

Ntchito yeniyeni ili pa mamita 6 mpaka 9 omaliza. Woyendetsa amatukula mphuno pang'ono kuti achepetse kutsika, amaponda ndi phazi chowongolera rudder, chipsepse cha kumchira chokhotetsera ndege, kuti mphuno iyang'ane msewu, nthawi yomweyo dzanja likutsitsa phiko la mbali yomwe kukuchokera mphepo. Akapanda kutero phikolo limadzuka lokha, chifukwa ndege ikamawongoka limathamanga kuposa linzake. N'chifukwa chake matayala a mbali ya mphepo ndi omwe amayamba kugunda pansi.

Akawongola msanga, mphepo imapeza mpata woikankhira ndege kumphepete kwa msewu. Akachedwa, matayala amagunda pansi chopingasa ndipo miyendo yake imalandira katundu wa m'mbali. Akapendeketsa kwambiri, injini kapena nsonga ya phiko imakhula pansi, makamaka pa Boeing 737 yomwe injini zake zili m'munsi kwambiri. Ku Hamburg, m'dziko la Germany, pa 1 Malichi 2008, Airbus A320 inakhulitsa nsonga ya phiko la kumanzere m'chimphepo. Oyendetsa anainyamutsanso n'kudzatera bwino kachiwiri.

Nabanda wa pa Santhe

APhiri afotokoza bwino, koma ndiwonjezere: si nthawi zonse pomwe amawongola kotheratu. Msewu ukakhala wonyowa ndi woterera, malangizo a Boeing amalola kugunda pansi ndege ikadali yopotoka, popeza matayala amatsetsereka pang'ono ndipo ndege imawongoka yokha. Pouma m'pomwe kutero kumavutitsa matayala.

Tsono achimwene, mphepo ya m'mbali yowomba mokhazikika sivuta kwenikweni, imawerengeka. A pa nsanja amauza woyendetsa komwe ikuchokera ndi mphamvu yake. Ikasiyana ndi msewu ndi madigiri 30, theka lake ndi lomwe limakankha m'mbali. Ikasiyana ndi madigiri 60, pafupifupi yonse. Mphepo ya ma knot 30 ndiye kuti ndi 15 poyambapo, 26 pachiwiripo. Airbus A320 anaiyesa mpaka ma knot 38 a m'mbali, koma kampani iliyonse imaika malire ake, ndipo msewu ukanyowa malirewo amatsika.

Yovuta ndi yowomba modukizaduka. Mapiko amanyamula ndege malinga ndi liwiro la mpweya wodutsa pamwamba pake, ndiye mphepo ya kutsogolo ikaleka mwadzidzidzi, liwirolo limagwa ndipo ndege imatitimira. Pa Boeing amawonjezera liwiro loterera motere: theka la mphepo ya kutsogolo yokhazikika, kuphatikiza kusiyana konse kwa pomwe yawomba mwamphamvu. Ikakhala 12 n'kumafika 20, ndiye 6 kuphatikiza 8, awonjezera 14. Ngakhale kuli bata amawonjezerabe 5. Sawonjezera mwachisawawa, chifukwa liwiro likachuluka ndege imayandama pamwamba pa msewu osafuna kukhala pansi, msewu uku ukutha.

Choopsa zedi ndi mphepo yotsika kuchokera mumtambo wa mabingu, yomwe amati microburst. Imagwa pansi n'kumwazikira mbali zonse, pamalo osapitirira makilomita 4, ndipo imatha m'mphindi zochepa. Msampha wake uli apa: ndege ikamalowamo imayamba kukumana ndi mphepo ya kutsogolo, liwiro limakwera, ndege imakwera pamwamba pa njira yake, woyendetsa n'kuchepetsa mphamvu ya injini. Masekondi angapo kenako mphepo ikuikankhira pansi, kenako ikuchokera kumbuyo, liwiro lagwa, injini zili pa mphamvu yochepa, ndipo injini za jeti zimatenga masekondi kuti zidzuke. Ndi zomwe zinagwetsa ndege ya Delta 191 ku Dallas, ku America, pa 2 Ogasiti 1985, pomwe anafa anthu oposa 130. Ngoziyi ndi imodzi mwa zomwe zinachititsa kuti ndege zonyamula anthu ziikidwe zida zochenjeza. Chida chikalira palibe zokambirana: injini mphamvu yonse, mphuno m'mwamba pafupifupi madigiri 15, matayala ndi ma flap, timapiko totambasuka kumbuyo kwa mapiko, osazikhudza mpaka atatulukamo.

Mkulu wa pa Nkhamenya

Za ku Lumbadzi zomwe wafunsa, mwanawe. Bwalo la Kamuzu lili ndi msewu umodzi, 14 mbali ina, 32 mbali inayo, wotalika makilomita atatu ndi theka. Nambala 14 ikusonyeza madigiri 140, kummwera chakummawa, komwe kumachokera mwera. Choncho m'miyezi yozizira mphepo imawomba motsata msewu, ndege imatera moyang'anizana nayo, ndipo zimenezo n'zomwe oyendetsa amafuna. Vuto la msewu umodzi n'lakuti mphepo ikatembenuka n'kuwomba chopingasa, palibe wina wosinthira. Mphepo ya kumbuyo nayo salola yoposa ma knot 10, ndege zina 15.

Nyengo yovuta ndi ya mvula, Novembala mpaka Epulo, makamaka masana mitambo ya mabingu ikakwera. Palinso kukwera kwa malowo. Lumbadzi ili mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, ndiye chida choyezera liwiro chikamaonetsa ma knot 140 ndege imakhala ikuthamanga pafupifupi 150, ndipo m'kutentha kwa Okutobala kuposa apo. Imafuna mtunda wautali kuti iime.

Chimphepo chosasula madenga chikakhala pabwalo penipeni, salowamo. Amazungulira patali kudikira chidutse, kapena amapita kubwalo lina lomwe analikonzeratu, monga Chileka kapena Lusaka. Mafuta a ulendo umenewo amakhala atathiridwa kale, kuphatikiza a mphindi 30 omwe sayenera kukhudzidwa.

Mnyamata wa pa Chatoloma

Zikomo nonse. Koma zonyamukanso zija? Komanso n'chifukwa chiyani kukagwa mvula ena amaimenyetsa pansi mwamphamvu?

Nabanda wa pa Santhe

Kunyamukanso ndi lamulo, achimwene, ndipo amakuyeserera mobwerezabwereza pamaphunziro. Pofika mafiti 1,000 m'mitambo, kapena 500 kukakhala koyera, ndege iyenera kukhala pa liwiro loyenera, matayala atatsika, ili pamzere wa msewu, osatsika kuposa mafiti 1,000 pa mphindi. Chimodzi chikasokonekera, aliyense mwa oyendetsa awiriwo akhoza kulamula kuti akwerenso, ngakhale matayala atakhudza kale pansi, bola asanatsegule reverse, yomwe imatembenuzira mphamvu ya injini kutsogolo kuti ndege iime. Kwa ine woyendetsa wokakamira kutera ndi amene ayenera kukuopsani, osati wokwerayo.

Kumenyetsa pansi nakonso n'kwadala. Matayala amaboola madzi n'kugwira phula, timapiko ta pamwamba pa mapiko totchedwa ma spoiler timadzuka n'kupha mphamvu yonyamula, kulemera konse kumakhala pamatayala, mabuleki n'kugwira. Woterera mwaulemu pamsewu wonyowa amadya mamita mazanamazana akuyandama. Ikakhala pansi, woyendetsa amapitiriza kutsitsa phiko la ku mphepo pomwe liwiro likuchepa, mapazi akusunga mzere wa pakati. Ikayamba kutsetserekera m'mbali amachepetsa reverse ndi kumasula mabuleki kaye, aiwongole, kenako n'kuzibwezeranso.