Za penti yosupuka ija, ndabwera kudzakuuzani mmene zathera

Zikomo nonse amene munandiyankha pa funso langa la penti yomwe inkangosupuka pabalaza m'nyumba yathu kuno ku Chitakale, ku Mulanje. Ndinamvera achimwene aja amene anati vuto si penti koma chinyezi, ndisayerekeze kupenta nthawi ya chiperoni. Ndinadikira mpaka Seputembala. Tinapala khoma lonse loyang'ana kuphiri, kumata ming'alu, n'kulisiya milungu itatu kuti liume, kenako andakoti (penti yoyambira yapansi), penti yeniyeni pambuyo. Mvula yagwa kale kangapo koma khoma lili gwa.

Pa mipando ndiye ndinachita manyazi. Munati ndiyeze ndisanagule. Chipinda ndinayezadi, koma chitseko ndinaiwala. Mpando wa sofa wochokera ku Limbe unagona pakhonde masiku awiri, ana a aneba akudumphapo, mpaka kalipentala anachita kuzula felemu ya chitseko.

Matailosi gulani onse tsiku limodzi, muwonjezerepo bokosi limodzi kapena awiri. Anga anaperewera pakona, ndipo amene ndinakapeza pambuyo pake ndi otuwirako. Mayi a kunyumba angoikapo mphika wa maluwa pamenepo.