Gitala yamagetsi yopanga ndekha, thabwa lanji?

Funso: Abale ndikufuna kupanga gitala yamagetsi pakhomo pompano, ma pickup (timaginito totola mawu a zingwe) ndagula kale koma thabwa ndiye sindikudziwa, mbawa ingathe?

Yankho 1: Mbawa ndiyabwino zedi achimwene, ndi pachibale ndi mahogany ija amapangira magitala a Les Paul, bola ikhale youma bwinobwino apo bii khosi lidzapindika. Truss rod, chitsulo cholimbitsa khosi chokhala mkati mwake, musaiwale.

Yankho 2: Nkhani yaikulu ndi muyeso. Pa magitala ambiri a Fender kuchokera pa nut (potsamira zingwe kumutu kwa khosi) kukafika pa bridge (potsamira zingwe pathupi la gitala) ndi 648mm, fret (kachitsulo kopingasa pakhosi) ya 12 ikhale pakati penipeni, mukaphonya pang'ono basi ngakhale muchune bwanji ma chord sadzamveka bwino.

Yankho 3: Waya wa ground, uja wa earth, mulumikize ku bridge, kupanda kutero amp izingolira ngati njuchi.