Timizere tiwiri tsiku ndi tsiku koma mimba ayi, ndikulakwitsa pati?

Admin ndibiseni dzina chonde, alamu anga ali pagulu pompano.

Amayi anzanga ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 31, mwana mmodzi wa zaka 5. Ndinkabayitsa depo, jakisoni womaliza papita miyezi 14. Msambo unabwerera patatha miyezi 8 koma ndi wosinthasintha, mwezi wina masiku 29, wina 36. Achemwali anga a ku Joni ananditumizira timapepala toviika mu mkodzo tija, toonera masiku amene dzira limatuluka. Ndimayezera m'kachitini ka yogati mbandakucha bambo asanadzuke, kenako n'kutibisa m'chikwama cha ku tchalitchi. Chikundizunguza mutu n'choti pafupifupi tsiku lililonse pamatuluka timizere tiwiri, kachiwiriko kotuwa. Tsiku loyamba ndinavina ndekha m'bafa poyesa ndi mimba! Ndiye kuti dzira langa limatuluka tsiku ndi tsiku? Apongozi nawo ayamba kale zoti "mdzukulu wanga akusowa mnzake wosewera naye", mpaka akufuna kundiperekeza kwa agogo ena a zitsamba.

Membala woyamba: Asisi mwasokoneza zinthu ziwiri. Koyezera mimba kamafufuza hCG, homoni yomwe imapezeka mayi akakhala ndi pakati, kumeneko ndiye mzere wotuwa umawerengedwa. Kanuko kamayeza LH, homoni yomwe imachuluka dzira likatsala pang'ono kutuluka koma imakhalamo m'thupi pang'ono nthawi zonse. Dikirani tsiku lomwe kamzere kachiwiri kadzade mofanana ndi koyamba kapena kuposa. Mukadzaona choncho, dzira limatuluka pakati pa maola 24 ndi 36. Usiku umenewo bambo asagone ku mpira.

Membala wachiwiri: Komanso werengani kapepala ka malangizo. Timeneti tambiri timati muziyeza masana kapena madzulo, ndipo musamwe madzi ambiri kwa maola awiri musanayeze. Depoyo musamude kwambiri, amachedwetsa koma satseka. Ambiri amatenga pathupi patatha miyezi pafupifupi 10 chibayitsireni komaliza, ena kuposerapo.

Membala wachitatu: Ine ndinataya chaka chathunthu ndi timapepala timeneti. Mwezi uliwonse mizere yakuda bwinobwino, kumeneko chubu chimodzi chodutsamo dzira chinali chotsekeka. Anachiona pa HSG, amathira mankhwala m'chiberekero n'kujambula. Kapepala sikaona machubu, ndipo kwa amene ali ndi PCOS (vuto la mahomoni losokoneza kutuluka kwa dzira) kamatha kunama. Chaka chikatha mukuyesera, pitani kwa dokotala wa amayi, amene adutsa zaka 35 asadikire kupitirira miyezi 6. Zitsambazo chenjerani nazo, simudziwa muyezo wake. Ndipo mupite awiri, bambo akayezetse umuna.

Mwini funso: Zikomo amayi, ndiyamba kuyeza cha m'ma 2 koloko masana. Koma za bambozo mmm. Ndinangoyerekeza kamodzi, anandilozera mwana ali pakhondepo nati "uyu anagwa kumwamba?"

Membala wachitatu: Zaka 5 ndi zambiri asisi, thupi la mwamuna limasinthanso. Muwauze kuti akangokuperekezani, zinazo adokotala akanena okha.

Mwini funso: Alipo amene bambo awo anavomera kupita? Munawayamba bwanji?