Injini ya dizilo yoyenda pang'onopang'ono: ndiyambire pati?

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndagula injini ya dizilo ya silinda imodzi, yopangidwa ku India motengera Lister CS, injini yakale ya ku England. Ndi ya mahosipawa 6, imazungulira ka 650 pa mphindi, ndipo ndikufuna izikoka jenereta ndi lamba kuti pakhomo tiziyatsa magetsi, filiji ndi pampu ya madzi.

Sindinailize n'komwe. Dzulo ndinatsegula kachitseko ka m'mbali, n'kupisa dzanja pansi pamene pamakhala oyilo. Chala chinatuluka ndi mchenga wakuda, wokhakhala ndithu ukaufikisa. Ndikuganiza kuti ndi wotsalira poumba chitsulo cha injiniyi, ndipo ndikudziwa kuti ukalowa m'mabeyaring'i, injini yatha. Kodi ndiiphwasule yonse, kapena kutsuka ndi dizilo n'kusintha oyilo kawiri katatu n'kokwanira? Kunena zoona, mawilo awiri olemera a m'mbali mwa injiniyi ndikuchita nawo mantha, ndekha sindingawazule.

China n'chakuti usiku tizingoyatsa mababu ochepa. Injini ya dizilo ikamayenda yopanda katundu wokwanira (ntchito yoti izikoka) situkutira bwino, mwaye umamatirira pa mavalavu ndi pa injekita, mpaka mafuta akuda kumadontha ku ekizozi. Inu mumatani? Mumaiyendetsa maola ochepa n'kutchaja mabatire, kapena mumaiwonjezera katundu dala?

Amene mwakhala nayo zaka, oyilo mumasintha pakatha maola angati? Nanga chimene chinayamba kutha n'chiyani, maring'i a pisitoni kapena mabeyaring'i?