Gulu la Banja Lathu: za Tadala teremu ikubwerayi

Anti Esinati: Mwaswera bwanji nonse. Sukulu akutsegulira Lolemba likubwerali, za Tadala tafika pati? Ndawerengetsera bodingi, yunifomu ina, nsapato, sopo, shuga, mapadi ndi thiransipoti zikukwana K210,000, ine m'manja muli K95,000 basi

Amalume Fulaye: Yunifomu inanso?? Si tinagula mu Seputembala pomwe amayamba Fomu 1

Anti Esinati: Achimwene mwanayu munamuyang'anitsitsa koma? Siketi ija ikuthera pamwamba pa mawondo, bulauzi mabatani akukana mpaka amachita kumanga ndi pini, mpendero ndinamasula wonse palibenso pomasula

Make Chisomo: Zoona mlamu, nsapato amavala sayizi 4 pano ndi 6. Zaka 14 zimatero

Amalume Fulaye: Ine yanga ndinatumiza kale pa Mpamba. Koma vuto la mwana ameneyu si yunifomu, ndi mwano. Pa Khirisimasi ndamupatsa moni wangoti ndili bwino maso ali pansi, basi kukadzitsekera kuchipinda. Anali mwana wosangalala uyu

Ganizani: Amalume si mwano umenewo, ndi manyazi. Nkhope yonse yatuluka ziphuphu ndiye safuna kuti anthu azimuyang'ana, tsitsinso anamumeta kusukulu. Ngakhale Mada wathuyu chilowereni Fomu 2 mawu akumuthawa, akayamba ndi besi amathera kokwera, ana akamuseka amakhala tsiku lonse osayankhula. Koma kondowole akumaliza mitanda itatu yekha

Make Chisomo: Ndiye za Mada musanene, chinangwa chikutha ndi iyeyo

Amalume Fulaye: Nanga lipoti? Ku pulayimale sankatsika pa nambala 5, pano 23. Manyazi amenewo?

Ganizani: Ku Sitandade 8 anali yekha wanzeru m'kalasi, uku akumana okhaokha osankhidwa ochokera masukulu onse. Kuwonjezera apo Physics, Chemistry zonse zachilendo, aphunzitsi aliyense ndi phunziro lake palibe amene amamudziwa dzina bwinobwino, kugona pa hositelo koyamba, a Fomu 4 kumawatuma kuchapa. Teremu yoyamba ambiri amagwa kenako amadzuka. Masamu wapeza 68 tu, mwaona pamenepo?

Anti Esinati: Komanso ndinene pano pomwe. Mwanayu anakula ali kusukulu komweko mu Novembala, anauza amatironi, ife tinamva atabwera ku holide. Analibe ndi chogwiritsa ntchito chomwe, anang'amba chitenje chake chofunda. Mayi ake akanakhala moyo bwenzi atamukonzekeretsa. Ndinalira

Azakhali a ku Chipoka: Esinati izi tikambirana tokha azimayi kumbali, muno muli azibambo. Koma agogo akuti mwana alangidwe asanabwerere, asamangokhala ngati alibe abale

Anti Esinati: Kumulanga ndi bwino, ine ndakhala naye kale pansi kawiri. Koma zomutengera kwa anankungwi masiku angapo ayi, sukulu ikutsegulira

Amalume Fulaye: Ndi zimene ndikunenazi. Akangoyamba kudziona kuti wakula anyamata a ku Senga Bay aja akabwera ndi ndalama za usipa mudzandiuza. Foni musamugulire. Ine yanga ndinatumiza kale

Ganizani: Palibe wanena za foni amalume, kusukulu salola nkomwe. Ndipo za kukwatiwa iwalani, malamulo anasintha 2017, osakwana zaka 18 ndi mwana basi

Bambo a Chisomo: Moni nonse ndinali kumunda tikuwokera mpunga, Bua wadzaza koopsa. Kodi feteleza wobereketsa ku Salima boma akupezeka? Kuno wavuta

Azakhali a ku Chipoka: Pa Kamuzu Road ndinauona Lachiwiri koma mtengo wake eee

Bambo a Chisomo: Mundifunsire matumba awiri. Msewunso wa M5 ndi mvulayi minibasi zakweza

Make Chisomo: Bambo a Chisomo nkhani ili pano ndi ya Tadala

Anti Esinati: Zikomo mlamu. Amene apereka: Amalume Fulaye K30,000, Azakhali K15,000, Ganizani K10,000 chonsecho ali pasukulu, ine K40,000. Kwatsala K115,000. Yohane uli pa intaneti ndikukuona, mauthenga ukuwerenga

Azakhali a ku Chipoka: Yohane ku Joni kwamuvuta mwina

Make Chisomo: Kwamuvuta koma zithunzi pa Facebook zikusintha daily

Amalume Fulaye: Pa maliro paja tonse tinalonjeza pamaso pa agogo. Ena anatenga zimene anatenga kunyanja kuja, ine sinditchula

Azakhali a ku Chipoka: Achimwene zimenezo zisiyeni, si lero

Bambo a Chisomo: Ife tiponya K35,000 Lachisanu pa Airtel Money, ndi ndowa ya mpunga wakale akagulitse

Anti Esinati: Ambuye akudalitseni. Chaka chamawa kuli JCE tu, tiyambiretu kuganiza osati kudzathamanga ngati pano

Ganizani: Eya inabwereranso 2021 ija, alemba ndithu ku Fomu 2. Anti chinanso, tsiku lokaona ana teremu yatha sikunapite munthu. Anandiuza kuti anzake akudya ndi makolo awo pansi pa mitengo iye anakagona ku hositelo. Ulendo uno ndipita ine, koma wamkulu mmodzi atsagane nane

Make Chisomo: Ndipita ine, ndikamuphikira mpunga ndi chambo

Amalume Fulaye: Mukamuuze asiye mwano. Ndiwonjezera K10,000 ya nsapato koma zikhale zachikopa

Anti Esinati: Ndalandira. Kwatsala K70,000. Telala akufuna theka mawa kuti ayambe kudula, ndamuuza asiye mpendero waukulu. Yohane tiyankhe