Miyala ya pa moraine imodzi ikapereka zaka zosiyana, titenge avareji kapena zaka za mwala wakale kwambiri?

Wophunzira_za_miyala analemba:

Ndikuwerenga za momwe akatswiri amapezera zaka za milu ya miyala ndi dothi yomwe madzi oundana oyenda adasiya m'mapiri, imene amaitcha moraine, makamaka ya m'mapiri a Rwenzori ku Uganda, komwe Meredith Kelly ndi anzake adapeza mu 2014 kuti milu ya pafupi ndi nyanja ya Mahoma idaunjikidwa zaka zopitirira pang'ono 20,000 zapitazo. Mfundo yake ndikuimva: cheza chochokera kumlengalenga chikamenya quartz (mchere wolimba wopezeka m'miyala yambiri) wa mwala womwe uli pamtunda chimapanga maatomu a beryllium-10, pafupifupi 4 pa galamu iliyonse chaka chilichonse kumadera otsika akutali ndi equator, ndipo pamwamba pa phiri amachuluka kuposa pamenepo, choncho kuwerenga maatomuwo kumasonyeza zaka zomwe mwalawo wakhala pamtunda. Chomwe chikundizunguza ndi ichi. Tiyerekeze kuti miyala 6 ya pa mulu umodzi yapereka zaka 14,000, 19,500, 20,100, 20,400, 20,800 ndi 33,000, ndipo labotale yati muyeso uliwonse ukhoza kuphonya ndi zaka 600. Mulu ndi umodzi ndipo udaunjikidwa nthawi imodzi. Nanga zaka zake ndi ziti?

Mkonda_masamu anayankha:

Musanasankhe nambala, yambani mwafunsa ngati kusiyana kwa miyalayo kungafotokozedwe ndi kuphonya kwa makina okha. Chida chake ndi reduced chi-square, chomwe ena amachitcha MSWD, chiwerengero choyerekeza kumwazikana kwa zakazo ndi kuphonya kwa muyeso, ndipo chimayenera kukhala pafupi ndi 1 ngati miyala yonse ikunenadi za nthawi imodzi. Ndawerengetsa ndi manambala anuwo. Miyala yonse 6 ikupereka avareji ya zaka 21,300, yomwe ikuoneka ngati yabwino, koma chi-square yake ikupitirira 100, kusonyeza kuti avarejiyo yangochitika mwangozi chifukwa mwala wa zaka zochepa ndi wa zaka zambiri akokerana mbali zosiyana. Mukachotsa miyala iwiriyo, inayi yotsalayo ikupereka zaka 20,200 ndi chi-square ya pafupifupi 0.8, ndipo avareji imeneyi mukhoza kuiteteza pamaso pa aliyense.

Kuchotsako kukhale ndi lamulo lomwe mwalitchula poyera, monga la Chauvenet kapena la Peirce, osati chifukwa nambalayo siyikukusangalatsani. Kumbukiraninso kuti poyerekeza miyala ya malo amodzi mumagwiritsa ntchito kuphonya kwa muyeso kokha, koma poyerekeza zaka za muluwo ndi za radiocarbon (njira ina yopezera zaka, yoyeza zotsalira za zamoyo) ya m'matope a m'nyanja muyenera kuonjezerapo kukayikitsa kwa mlingo womwe maatomuwo amapangikira. Kukayikitsa kumeneku sikuchepa ngakhale mutayeza miyala yambiri, chifukwa kumakhudza miyala yonse mofanana.

Woyenda_m'mapiri anayankha:

Masamu a anzathuwa ndi olondola, koma chitsanzo chanu ndi chaulemu kwambiri. Nthawi zambiri simupeza miyala inayi yogwirizana. Mumapeza zaka zomwazikana mbali imodzi, ndipo apo lamulo lochotsera miyala silithandiza, chifukwa limaganiza kuti kuphonya kumagwera mbali zonse mofanana, pamene zochitika pa phiri sizitero.

Mwala umaoneka wa zaka zochepa ngati udali wokwiririka m'dothi la muluwo n'kudzavundukuka pambuyo pake dothi litakokoloka, ngati udagubuduzika, kapena ngati chipale chimauphimba miyezi yambiri pa chaka. Pansi pa thanthwe lokhuthala masentimita 60 okha, maatomu amapangika pa mlingo wongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu a mlingo wa pamwamba, choncho kukwiririka pang'ono kumadya zaka zambiri. Mwala umaoneka wa zaka zochuluka ngati udayamba waombedwa ndi cheza uli paphedi la phiri madzi oundana asanaunyamule. Akatswiri Putkonen ndi Swanson mu 2003 adatsindika za kukokoloka kwa milu, ndipo Heyman ndi anzake mu 2011, atasonkhanitsa zaka za miyala yambiri ya ku Tibet ndi kumadera ena, adapeza kuti kuchepa kwa zaka kumachitika kawirikawiri kuposa kuchuluka. Apa ndi pomwe padachokera chizolowezi chodalira mwala wakale kwambiri. Ine chizolowezichi sindichilandira ngati lamulo. Ku Antarctica, komwe madzi oundana amamatirira pa thanthwe osalipala, maatomu akale amatsalira m'miyala, ndipo kumeneko mwala wa zaka zochepa kwambiri ndi womwe umayandikira choonadi. M'chitsanzo chanu, wotsatira mwala wakale mwachimbulimbuli akanalemba 33,000 n'kuphonya ndi zaka zoposa 12,000.

Chofunika ndi kuona komwe zaka zapendekera. Zikaunjikana ku manambala akuluakulu, zochepa n'kumatsetserekera ku manambala aang'ono, ganizirani kukokoloka. Zikaunjikana ku manambala aang'ono, ganizirani maatomu otsalira. Koma ndi miyala 6 yokha kupendekera kumeneku sikuoneka bwino, choncho zomwe mudalemba muli paphiripo, monga kutalika kwa mwala kuchokera pa dothi ndi kusongoka kwa msana wa muluwo, zimalemera ngati manambala a ku labotale.

Wophunzira_za_miyala analembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Kodi kuyeza aluminium-26, mtundu wina wa maatomu opangidwa ndi cheza chomwecho, m'mwala wa zaka 33,000 uja kungatsimikize kuti uli ndi maatomu otsalira?

Woyenda_m'mapiri anayankha:

Kungathandize pokhapokha mwalawo utakhala kuti udakwiririka nthawi yaitali kwambiri. Pamtunda aluminium-26 amapangika kuchulukitsa pafupifupi ka 6.75 poyerekeza ndi beryllium-10, ndipo theka lake limatha m'zaka pafupifupi 705,000, pamene theka la beryllium-10 limatha m'zaka 1,387,000. Kuti chiwerengero cha 6.75 chitsike mpaka makina azindikire, pamafunika zaka zoposa 100,000 mwala uli pansi, pomwe maatomu atsopano sapangika kwenikweni ndipo aluminium-26 amatha msanga kuposa beryllium-10. Mwala womwe udakhala paphedi zaka 13,000 n'kugwera pa madzi oundana, omwe adautula pa mulu patangopita zaka mazana ochepa, upereka 6.75 yemweyo, ndipo ndalama zanu zikanagwira bwino ntchito mukanayezera miyala ina iwiri ya pa mulu womwewo.