Buku la masamurai ili ndimupatse mwana kapena ndilisunge?

Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeniko maganizo, makamaka inu owerenga makomiki.

Mwezi watha ndinagula buku la nthano za zithunzi za masamurai, ankhondo akale a ku Japan, kwa ogulitsa mabuku akale mumsewu. Muli nthano 7, iliyonse ndi wojambula wakewake. Ndinagulira mwana wa mlongo wanga wa zaka 13, amene makope ake a kusukulu onse ndi odzaza zojambula kumapeto. Ndinati ndiyambe ndaliwerenga ndekha, ndiye pano ndagwira njakata.

Nthano yachitatu inandigwira mtima kwambiri. Ronin wokalamba, ndiye kuti samurai amene alibenso mbuye, akufuna kuwoloka mtsinje umene mumakhala kappa, chilombo chija cha m'madzi chokhala ndi kambale ka madzi pamutu. A ku Japan amati madziwo akatayika, mphamvu zake zimatha. Mkuluyo sasolola lupanga ngakhale pang'ono. Amangowerama mwaulemu, chilombocho n'kuweramanso, madzi n'kukhuthukira pansi. Kenaka iye yemweyo akutunga madzi ndi manja n'kuchithiranso pamutu. Masamba anayi athunthu opanda liwu lililonse, koma ndinabwerezabwereza mpaka usiku. Mwana wokonda kujambula akufunika kuona zimenezi, kuti chithunzi chimatha kuyankhula chokha.

Ina ya nkhandwe yosanduka mkazi ndi yabwinoko. Zotsalazo ayi ndithu. Ziwiri ndi magazi okhaokha, mitu kudukaduka tsamba lililonse, osadziwa kuti akuphana chifukwa chiyani. Ina zithunzi zake zathithikana moti sungaone amene wagwa ndi amene waima. Yomaliza ndiye yandikwiyitsa: samurai wovala malupanga ake awiri akukwera sitima ya pamtunda! Ulamuliro wa a Tokugawa, banja la masamurai limene linkalamulira Japan, unayamba mu 1603 n'kutha mu 1868, sitima ikuchokera kuti?

Ndiye ndimupatse buku lonse, kapena ndimuonetse nthano ziwiri zokhazo ndili pomwepo? Kung'amba masamba mtima wanga ukukana.

Yankho loyamba: Achimwene, pa sitimapo wojambulayo sanalakwe. Njanji yoyamba ku Japan, ya pakati pa Shimbashi ku Tokyo ndi Yokohama, inatsegulidwa mu 1872. Lamulo loletsa masamurai kuyenda ndi malupanga linabwera mu 1876, ndipo mu 1877 Saigo Takamori anatsogolera masamurai a ku Satsuma kuukira boma. Kwa zaka zinayi, kuyambira 1872 mpaka 1876, munthu wa malupanga awiri akanatha kukwera sitima. Kaiwerengeninso, mwina ikukamba za munthu amene dziko lake likumuthera m'maso.

Yankho lachiwiri: Ine ndine mayi wa anyamata awiri. Musamupatse musanawaonetse amayi ake masamba a magaziwo. Ndinu amalume inde, koma akayamba kujambula mitu yoduka m'kope la masamu, aphunzitsi adzaitana mayi, osati inu.

Yankho lachitatu: Mabuku a olemba ambiri ndi mmene amakhalira, ngati thumba la mtedza, simulephera kupezeka wowola. Ine ndinaphunzira kujambula pofananiza tsamba labwino ndi loipa. Mukhale naye, mumufunse kuti n'chifukwa chiyani tsamba la kappa likumveka pamene lothithikanalo silikumveka. Mumuuzenso za Yasuke, munthu wa ku Africa amene anafika ku Japan mu 1579 ndi wansembe Alessandro Valignano, n'kutumikira Oda Nobunaga, mtsogoleri wankhondo wamphamvu wa ku Japan, mpaka mu 1582. Olemba ena akale amati kwawo kunali ku Mozambique. Mwana ameneyo akhoza kudzamujambula yekha.

Wofunsa uja: Zikomo kwambiri nonse. Za sitimazo ndinaweruza msanga, ndaiwerenganso ndipo mapeto ake ndawamva tsopano: lupanga akulisiya pampando potsika. Amayi, mwanena zoona, Loweruka ndipita nalo kwa mlongo wanga aone yekha. Koma funso lina likadalipo. Akakana nthano ziwiri za magazi zija, pali amene anayesapo kuphimba masamba osawononga buku? Guluu ndikuopa kuti adutsa pepala n'kuwononga nthano ya kappa, chifukwa imodzi mwa izo yayambira kuseri kwa tsamba lake lomaliza.